Nkhope ya Ba Chipasha

Ba Nicodemus Chipasha anamwalira Lachitatu masana kunyumba kwawo ku Kabwata, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzi chawo chinali chitazungulira kale Lusaka yense. Anachifalitsa ndi mwana wawo yemwe, Emmy. Anasankha chija anajambulitsa tsiku lopuma pa ntchito ku fakitale ya ku Heavy Industrial Area, atavala jekete yobwereka, ndipo anachikongoletsa ndi kandulo ndi nkhunda yoyera. Ntchito yotereyi Emmy ankaidziwa bwino. Mkati mwa sabata ankagwira pa ofesi ya inshuwalansi m'tauni, koma Lamlungu ndiye anali mwini kamera ku tchalitchi chake cha Pentekosite ku Woodlands, woulutsa mapemphero pa Fesibuku. Abusa akakweza mawu ankadziwa koloza. Mayi wina akagwa pansi popemphera ankadziwa poima kuti kamera isaonetse zosayenera.

Tisamunamizire mtsikanayu, Mulungu ankamukonda ndithu. Kungoti chikondi chakecho chinkadutsira m'foni. Munali magulu a mapemphero a m'mamawa, a masana ndi a anthu osala kudya. Munali aneneri a kutali olonjeza ukwati ndi ntchito kwa aliyense wolemba kuti amen, maulaliki oduladula, machenjezo a kutha kwa dziko, ndi zithunzi za maluwa zofunira anthu tsiku labwino. Zonsezi zinkagwa usana ndi usiku ngati mvula ya mu Januwale, ndipo Emmy ankaopa kusiya n'chimodzi chomwe, poganiza kuti mwina mawu ake ochokera kumwamba ali m'chimene wadumphacho. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma ndani angauze munthu kuti wachulutsa za Mulungu?

Mmodzi yekha ankamuuza, ndiye atate akewo. Ba Chipasha anali a Adventisti ouma gwa, ochokera ku Luapula, munthu wa mawu owerengeka. Lachisanu dzuwa likalowa ankatsegula Sabata ndi nyimbo imodzi, kenako n'kukhala chete maso ali chitsekere, nthawi yaitali moti ana ankayamba kutsinana. Emmy ali wamng'ono ankadana nako kukhala cheteko. Tsiku lina anafunsa chimene amadikira, ndipo atate anayankha kuti, "Na Mulungu afuna kukambako. Manje ngati ni iwe chabe ukamba, Yeve azakamba liti?"

Atakula n'kusamukira ku Woodlands, Emmy sanasiye kuwayendera makolo ake. Ankabwera ndi zipatso, n'kukhala pa mpando woyang'anana ndi atate, mutu uli pansi, chala chikuthamanga pa foni. Atate ankayamba nkhani, iye n'kumayankha kuti "ehe, ehe." Pamenepo dzanja lalikulu lija, la chala chimodzi chodulidwa ndi makina, linkabwera n'kuphimba foniyo.

"Emmy, niyangane. Nikamba na iwe, osati na pamwamba pa mutu wako."

Iye ankaseka, n'kudzutsa mutu pang'ono. Atate ankamugwira chibwano, pamene panali kachipsera kamene anapata atagwa pa njinga yawo ali mwana, n'kunena mwambi umene anabera kwa akazi awo a ku Katete, wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Akangochotsa dzanja, mutu uja unkabwerera pansi.

Matenda a shuga ndi impso atawagwetsa, Emmy anamenya nkhondo mmene ankadziwira. Analemba dzina la atate m'gulu lililonse la mapemphero. Anawatumizira mavidiyo a madzi a ndimu ndi adyo, a masamba a mapapaya, a m'busa wina amene ankachiritsa impso pongokhudza galasi la foni. Maameni anabwera ochuluka ngati mchenga, ndipo mtima wake unakhala pansi poona kuti anthu ambiri chotere aima ndi atate ake. Mlungu womaliza wa moyo wawo, ku tchalitchi cha Emmy kunali msonkhano waukulu wa chitsitsimutso, ndipo kamera inali m'manja mwake tsiku lililonse akaweruka. Mayi ake, Ba Regina, anamuimbira Lolemba.

"Batata bako bafuna kukuona."

"Nizabwela pa Chinayi, mami, msonkhano ukasila. Baudzeni ati bantu bambili babapemphelela."

Atate sanafike Lachinayi. Emmy atathamangira ku Kabwata anapeza thupi litapita kale kumochale, pabedi patangotsala bulangeti lopindidwa. Kosambitsa kunapita amuna okhaokha. Choncho panatsala mwayi umodzi wokha woti aone nkhope ya atate ake, pa tsiku loika maliro, m'tchalitchi, pamene adzatsegule bokosi kuti anthu atsanzike. Anadzilonjeza kuti pamenepo adzaima, adzawayang'ana bwinobwino monga ankamupempha muja, ndipo adzapepesa. Lonjezo limeneli ndi limene linamugwira kuti asagwe m'masiku onse a maliro.

Masikuwo anali otanganitsa. Amuna anakhala panja pansi pa tenti, akazi m'nyumba pa matiresi, ndipo pa soketi iliyonse panali mafoni atatu anayi akulimbirana moto magetsi asanathime. Emmy ndiye ankayankha mauthenga a chipepeso, kulongosolera anthu njira, kutsutsa mphekesera yoti atate anafera m'chipatala chifukwa cha mankhwala olakwika. Anthu ankamuyamikira kuti ndi wolimba mtima. Lachisanu madzulo azimayi a Dorika, a ku mpingo wa atate, anatsegula Sabata ndi nyimbo, ndipo nyimbo itatha Ba Regina anakhala chete maso ali chitsekere, moyang'anana ndi mpando wopanda munthu. Emmy anayesa kutseka maso nayenso, koma foni inanjenjemera pa ntchafu, ndipo anatuluka nayo panja.

Anali Chalwe, mchimwene wake, amene anali ku Ulaya ndipo mapepala ake sankamulola kutuluka n'kubwereranso. Ankalira ngati mwana.

"Emmy, mwaice wanga, nipapata. Uchite laivu pa Mande. Nifuna kubaona batata. Zaka zonse izi sininabaone, niona chabe pa foni. Unionetse nkhope yabo."

Ndani akanakana? Emmy anavomera, ndipo anapempha mnzake wa gulu la makamera, Tanya, kuti adzabwere kuchokera ku Chelstone kudzamuthandiza. Anagwirizana kuti nthawi yoona nkhope ikadzafika, Tanya adzatenga foni, Emmy n'kukalowa mumzere wa abale.

Lolemba tchalitchi cha atate ku Kabwata chinadzaza mpaka panja. Ndi tchalitchi chakale cha makoma ochindikala, chomangidwa ndi anthu amene sankadziwa kuti kudzabwera chinthu chotchedwa netiweki. Emmy anazungulirazungulira mpaka anapeza malo amodzi pamene inkagwirako, pafupi ndi zenera la kutsogolo, kumutu kwenikweni kwa bokosi. Anaima pamenepo ulaliki wonse. Mlaliki ananena za akufa amene agona tulo podikira lipenga, ndipo anthu akuti anatonthozedwa, koma Emmy sanamve. Pa galasi la foni pankakwera timitima ndi timanja topemphera, ndi mauthenga othamangitsana. Wina ankadandaula kuti mawu sakumveka. Wina ankafuna atembenuze foni chopingasa. Wina anafunsa kuti wamwalirayo ndani, ndipo wina, wopanda manyazi, anaikapo nambala ya mneneri wochotsa mzimu wa imfa m'banja.

Kenako mkulu wa mpingo analengeza kuti atsegula bokosi. Ayamba alendo, atsatire a mpingo, abale atsirize. Anakweza chivundikiro cha kumutu, azimayi a Dorika anayamba nyimbo yapansipansi, ndipo mzere unayamba kuyenda.

Tanya anamugwira pa chigongono. "Leta foni, Emmy. Yenda ukankhale na ba mami."

"Pang'ono chabe. Yayamba kujama."

Ndipo zoona, chithunzi chinali chitaima. Uthenga wa Chalwe unatulukira pakati pa timitima tija: "Siniona chilichonse. Emmy, siniona!" Emmy anakweza foni m'mwamba, anaitsitsa, anasendera kuzenera. Inagwira, inatayanso. Bokosi linali pafupi moti akanatambasula dzanja akanakhudza kolala ya atate ake, koma maso ake anali pa timizere ta netiweki pakona ya galasi, tikukwera ndi kutsika. Mumtima ankati abale sanayambe, nthawi ilipo, angokonza ichi chokha. Tanya anamukokanso, ndipo iye anagwedeza phewa. Tanya ndi wabwino, koma dzanja lake limanjenjemera, ndipo malo enieni ogwira netiweki sankawadziwa. Mchimwene wake ali yekhayekha kutali, angamusiye bwanji m'manja mwa munthu wina pa nthawi ngati imeneyi?

Alendo anatha. A mpingo anatha. Abale anadutsa mmodzimmodzi, azakhali a ku Mansa akulira m'Chibemba, ndipo pomalizira anabwera Ba Regina atagwiridwa mbali zonse. Anawerama pa bokosi, anaitana amuna awo ndi dzina. Anagwa chammbali, chitenje chikumasuka. Apa ndi pamene manja a Emmy anachita zimene anaphunzira ku Woodlands iye asanaganize n'komwe. Anatembenuka ndi kamera kutsata wogwayo, anaima bwino kuti zosayenera zisaoneke, anatsatira azimayi a Dorika akuwanyamula mayi ake kupita nawo pa benchi. Kumbuyo kwake kunamveka kaphokoso kakang'ono, thabwa kukumana ndi thabwa.

Atacheuka anapeza Ba Musonda, mng'ono wa atate ake, akumanga zomangira za chivundikiro.

"Batata ba Musonda, lindilani!"

Ba Musonda anadzutsa mutu, maso ali psuu. "Ni chani, mwana wanga?"

"Nifuna kubaona."

"Nanga si iwe waimilila pano kuchokela poyamba? Wabaona kupambana ise tonse. Limba mtima, mayo. Bokosi ikatsekewa sitsegula futi."

Ananena mwachifundo, ndipo anamusisita pamsana. Tchalitchi chonse chinali chitaimirira, onyamula bokosi atafika kale. Emmy akanati chiyani? Akanauza anthu onsewo kuti waima kumutu kwa atate ake nthawi yonseyi ndipo sanawayang'ane? Anasendera pambali kuti bokosi lidutse, ndipo popeza foni inali ikadali m'manja, anajambula likutuluka.

Kumanda anajambulanso. Anajambula dothi likugwa, maina akuitanidwa, nkhata za maluwa zikuikidwa. Atamuitana kuti aike yake anapereka foni kwa Tanya osatsutsa, pamene zinalibenso ntchito. Njira yonse yobwerera ankadzitonthoza ndi chinthu chimodzi, chakuti vidiyo ilipo. Kamera inaloza m'bokosi nthawi yaitali ndithu. Akakhala payekha adzaitsegula, adzaimitsa pa nkhope, adzayang'ana mpaka atakhuta.

Mpata unapezeka mawa lake masana, tenti ataigwetsa, alendo ambiri atabalalika. Analowa m'chipinda cha atate, anakhala pa bedi, anatsegula vidiyo ija. Inali itaonedwa ndi anthu ochuluka kuposa amene atate anawadziwa moyo wawo wonse, ndipo pansi pake panali mayamiko. Ena ankati anamva ngati analipo. Abusa a ku Woodlands analemba kuti Emmy ndi chitsanzo cha mtumiki amene sasiya ntchito ya Ambuye ngakhale pa chisoni. Anathamangitsa vidiyo mpaka pamene anatsegula bokosi.

Panalibe nkhope. Pamene netiweki inkafooka, chithunzi chinkaphwanyika kukhala timabokosi tosaoneka bwino, ndipo chinasungidwa momwemo. Ankaona choyera, chimene chinali nsalu. Ankaona chakuda, chimene chinali jekete. Pakati pake panali chinthu chofiirira chopanda maso, chopanda pakamwa, ngati chithunzi chimene chanyowa ndi mvula. Anabweza, anaimitsa, anakulitsa ndi zala ziwiri, koma chinangoipiraipira. Chimene chinatuluka bwino kwambiri, chowala ndi chomveka, chinali kugwa kwa mayi ake.

Ali chikhalire foni inalira. Anali Chalwe.

"Mwaice, natotela, zikomo, unayesa. Koma kuno inajama pamene banatsegula. Naona chabe ba mami bakugwa." Anapuma kaye. "Niuzeko iwe. Benze kuoneka bwanji batata? Banaonda maningi?"

Emmy anatsitsa foni n'kuiika pa bedi. Anamumva Chalwe akuitana dzina lake kawiri poganiza kuti netiweki yadukanso, kenako Emmy anaidula.

Anakawapeza mayi ake kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, atakhala pamphasa. Anali kupinda zovala za amuna awo, zimene abale anati adzagawana asanabwerere ku Luapula. Emmy anakhala pansi pambali pawo. Kulira kumene anakusunga masiku onsewo kunamubwerera pakamodzi, koma mawu anatuluka aang'ono.

"Mami, batata benze kuoneka bwanji?"

Ba Regina anasiya malaya amene anali m'manja. "Unifunsa ine? Iwe unali pafupi kupambana ine."

"Sininabayangane, mami."

Mayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangopukusa mutu pang'onopang'ono, monga amachitira munthu akaona madzi atatayika, podziwa kuti saoleka. Emmy anayamba kufotokoza za Chalwe, za netiweki, za makoma a tchalitchi, koma mawuwo ankamveka opepuka ngakhale m'makutu mwake momwe, ndipo anawasiya panjira. Anafunsa ngati Mulungu angakhululukire chinthu chotere. Mayi anati za Mulungu sakukayika, koma nkhope ija yapita, adikire tsiku la lipenga.

Foni inayambanso kunjenjemera pa mphasa. Dzanja la Emmy linanyamuka lokha, koma la mayi linafika msanga, linaiphimba, n'kukhala pomwepo.

"Nkhala chete, nikuuze. Ukamvela bwino, ukamuuze na Chalwe."

Anayambira pamphumi. Anati makwinya aja a pakati pa nsidze anali atafafanizika, ngati munthu amene wamaliza ntchito. Anati tsitsi analipesera kumbali yolakwika, ndipo iwo anafuna kulikonza koma manja anakana. Masaya anali atalowa, inde, anaonda. Ndevu anawameta bwino. Kolala anaimanga mpaka batani la pamwamba, chinthu chimene mwini wake ankadana nacho. Pakamwa panapendekeka pang'ono kumanzere, monga ankachitira akafuna kuseka munthu koma akudziletsa. Emmy anatseka maso, akuyesa kumanga nkhopeyo chidutswa ndi chidutswa kuchokera m'mawu a mayi ake. Inkabwera, n'kuthawanso, m'malo mwake n'kubwera chithunzi chija cha kandulo ndi nkhunda. Zinamupweteka kwambiri kuti nkhope yomaliza ya atate ake adzaisunga yobwereka, yongouzidwa.

Mayi atamaliza panali zii. Kunkangomveka maminibasi kutali ndi nkhuku ya aneba ikupalasa. Kunali kukhala chete kuja kwa Lachisanu madzulo, kumene ankadana nako ali mwana, ndipo ulendo uno sanakuthawe. Patapita nthawi anafunsa ngati atate ananenapo kanthu za iye asanapite, ngati anakwiya kuti sanabwere.

"Sibanakalipe," anatero Ba Regina. "Nenze kubabelengela ma amen yako yonse, beve bamvela chabe. Pa Chibili banifunsa chintu chimozi."

"Chani, mami?"

"Ati, 'Regina, uja mwana akali nako kaja kachipsela ka pa chilevu? Papita ntawi niona chabe pamwamba pa mutu wake.'"

Emmy anagwetsa mutu pa mawondo, mapewa akugwedezeka. Mayi anamuleka alire. Kenako anatambasula dzanja lina lija, limene silinali pa foni, anamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope. Anaitembenuzira kowala, anapukuta misozi ndi chala chachikulu, nayang'anitsitsa osafulumira.

"Kaliko," anatero pansipansi, ndipo sankauza Emmy.

Pansi pa dzanja lawo foni inanjenjemeranso, kenako inaleka. Emmy sanayang'ane pansi.